Ndinamugwadira Wapolisi Kukhoti

Okondedwa achimwene Stephano,

Muli bwanji ku Joniko? Ife kuno ku Malomo tilipo, fodya tayamba kuthyola.

Dzana tinali kukhoti, ndipo ndaona zimene sindinalotepo. Wapolisi uja anandibweza ndi mankhwala a mphumu, mwana wanga Chikhumbo akubanika m'chitokosi, iye n'kumati "akunamizira ameneyo" mpaka mwanayo kufera momwemo, anamuimika m'bokosi momwe amaimikamo akuba mbuzi. Chipewa atavula, achimwene! Ine pomudutsa ndinagwada mwachizolowezi. Woweruza, mzimayi ngati ine ndemwe, anati, "Dzukani, mayi. Woyankha mlandu lero ndi ameneyo."

Chigamulo akuti mwezi wamawa. Mankhwala aja ndikadali nawo, osatsegula. Munda wa Chikhumbo chaka chino ndangousiya.

Ndine mlongo wanu,
Rakele