Woyeza Madzi a Mtsinje wa Gendis Ndani?

Zolembedwa za msonkhano wa komiti ya wailesi ya m'mudzi, Suara Gendis

Tsiku: Loweruka, 9 Novembala 2024
Malo: Pakhonde pa situdiyo, Tegalrandu

Opezeka: Pak Tarjono (wapampando), Mas Priyo (woona za makompyuta), Mbak Endang (muulutsi wa m'mawa), Bu Warsiyem (membala), Sri Hartutik (mlembi). (Pak ndi Mas ndi mawu aulemu oitanira amuna, Bu ndi Mbak oitanira akazi.)

Osabwera: Pak Kasiman (woyeza madzi a mtsinje), kachisanu ndi chitatu motsatizana. Akazi awo, Bu Warsiyem, anapepesa kuti miyendo ikuwavutabe.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero nthawi ya 3:40 masana. Zolembedwa za msonkhano wapita zinavomerezedwa, ngakhale mlembi akukayika ngati alipo anaziwerenga.

2. Kusankha pulogalamu yosonkhanitsa nkhani

Mas Priyo anakumbutsa komiti kuti wailesi imatsata masamba 46 a pa intaneti, a nyuzi ndi a anthu wamba, ndipo pulogalamuyi imasonkhanitsa zatsopano zonse pamalo amodzi kuti muulutsi asamayendere tsamba ndi tsamba. Anaonetsa mapulogalamu awiri pakhoma: yobiriwira, yomwe tikugwiritsa kale, ndi yabuluu.

Anati yobiriwira imatseguka msanga ngakhale netiweki itafooka, koma imangoonetsa mutu wa nkhani ndi dzina la tsamba. Yabuluu imachedwerapo, koma imagawa nkhani m'magulu, imachenjeza tsamba likakhala chete nthawi yaitali, ndipo imaonetsa amene waika nkhani iliyonse.

Mbak Endang anati, "Mas, ine zala zanga zinazolowera yobiriwira. Mukufuna ndizisakasaka mabatani anthu akudikira nkhani?" Mas Priyo anayankha, "Mbak, inu mukanaloledwa bwenzi mukuulutsabe ndi ng'oma ya ku mzikiti." Wapampando anapempha ulemu.

3. Zomwe zinaoneka pakhoma

Pofuna kupereka chitsanzo, Mas Priyo anatsegula tsamba la Pak Kasiman, lomwe limanena m'mawa uliwonse pomwe madzi afika pa mzati wa mlatho wakumtunda. Lipoti limeneli ndi lomwe wailesi imadalira pouza anthu akumunsi kuti asamuke. Pansi pa lipoti la lero panalembedwa dzina lakuti Warsiyem. Anatsitsa: ladzulo, Warsiyem, ladzana, Warsiyem. Dzina la Pak Kasiman linathera pa 11 Malichi.

Mlembi akuvomera kuti cholembera chinamugwa m'manja.

Wapampando anafunsa ngati makinawo asokonezeka. Mas Priyo anati sanasokonezeke. Bu Warsiyem anati, "Musavutitse makina, Pak. Ndine."

Anafotokoza kuti amuna awo miyendo ili bwinobwino. Maso ndiwo anafa ndi matenda a shuga, ndipo akakhala pakhonde amazindikira odutsa pomva mawu, n'chifukwa chake palibe anadziwa. M'mawa uliwonse amawagwira dzanja mpaka pa mlatho. Bambowo amamvetsera mkokomo wa madzi, mayiwo amawerenga nambala pa mzati n'kutumiza pa foni yawo.

Mbak Endang anaimirira n'kufunsa, "Bu, ndiye tsiku lija la mu Epulo, nditakuwa kuti anthu athawire kusukulu, mabanja makumi asanu n'kunyamula ana ndi mbuzi, nambala ija munawerenga ndinu?" Bu Warsiyem anati, "Ndine, mwanangu. Nanga madzi sanabwere?" Mbak Endang anakhala pansi. Madzi anabweradi, anafika m'mawindo.

Mas Priyo anati nkhaniyi ndi yoopsa, pakuti lamulo la wailesi limati woyeza akhale amene anachita maphunziro, ndipo miyoyo ya anthu yakhala m'manja mwa munthu wopanda satifiketi kwa miyezi isanu ndi itatu. Anapempha kuti lipotilo liimitsidwe. Wapampando anamufunsa ngati iye angamapite ku mlathoko mbandakucha, mvula ikugwa. Mas Priyo anati njinga yake yamoto ili ndi vuto. Mlembi anaiona ikuyenda bwinobwino masana omwewo.

Wapampando anati chamupweteka kwambiri si kubisako, koma kuti komiti yonse yakhala ikulandira chipepeso cha miyendo osakwera n'komwe kukazonda mnzawo. Ananena kuti kuyambira mawa dzina la Bu Warsiyem lizitchulidwa pa wailesi, popeza ntchito ndi yawo.

Bu Warsiyem anakana. Anati, "Pak, ndichotseni mu komiti ngati ndalakwa, koma dzinalo musalikhudze. Tikabwera ku mlatho amakhala pafupi ndi wailesi, tiyi osamwa, mpaka amve akuti 'malinga ndi Pak Kasiman'. Zaka khumi ndi zinayi akuyeza mtsinje umenewu. Munda anasiya, njinga anasiya. Chawatsalira n'chimenecho."

Wapampando anabweza mawu ake.

4. Zomwe zinagwirizanidwa

(a) Wailesi isamukire ku pulogalamu yabuluu. Onse anavomera, kupatula Mbak Endang.
(b) Lipoti la mtsinje lipitirire. Bu Warsiyem akachite maphunziro a oyeza mwezi wamawa, ndipo Mas Priyo adzawaperekeze pa njinga yake.
(c) Pa wailesi dzina lisasinthe.
(d) Ndime 3 isapachikidwe pa bolodi la zidziwitso.
(e) Komiti yonse ikazonde Pak Kasiman Lachisanu likudzali.

5. Zina ndi zina

Mbak Endang, akupukuta m'maso, anafunsa kuti mawa alinene bwanji dzinalo popeza tsopano akudziwa. Bu Warsiyem anati, "Monga umanenera masiku onse, mwanangu. Ungokwezako mawu pang'ono, kawailesi kathu n'kakale."

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 14 Disembala 2024, malo omwewa.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 5:05 madzulo.

Tarjono, Wapampando ....................

Sri Hartutik, Mlembi ....................