Pulinta ya malemu amuna anga ikukana kutulutsa nkhope yawo

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye. Malemu amuna anga anali ndi kashopu kojambula zithunzi, kachipinda kakumaso kwa nyumba yathu. Pa tebulo lapazenera panali pulinta yawo, ya inki yamadzi ija. M'mawa uliwonse asanatsegule shopu ankasindikiza chithunzi chimodzimodzi: ine nditavala diresi yamaluwa. Ndinkawakalipira kuti, "Bambo, inki yodula chonchi mukuthera ine? Simundiona m'nyumbamu?" Iwo ankangoseka. "Ndikuipatsa moni, mayi. Imeneyi ikapanda moni imanyanyala kuposa iwe."

Atamwalira sindinkafuna kuti munthu aikhudze. Ndinaipukuta, n'kuifunditsa nsalu, n'kukiya chipindacho. Dzinja linadutsa, chilimwe chinadutsa.

Pano chithunzi chawo cha pabalaza, chomwe anasindikiza okha, chikusuluka. Masaya ayera, jekete yakuda ija yasanduka yobiriwira. Ndinati ndisindikize china. Mwana wanga wamkazi atayatsa kompyuta, pulinta inalira monga kale. Koma pepala linatuluka la mizeremizere: tsitsi lilipo, kolala ilipo, maso palibe.

Mlamu wanga akuti, "Mlamu, chimenechi chinatsagana ndi mwini wake. Tayani, mugule pulinta yamtundu wina ija, ya leza." Kutaya sindikufuna. Koma ndikuopa kuti nkhope yawo ithera pakhomapo ine ndikuyang'ana. Nditani?

E.M., m'tauni

Mayi E.M.,

Pepani. Kalata yanu yandikumbutsa wotchi ya malemu bambo anga, yomwe tinaisunga m'kabati mwaulemu mpaka inaima. Zinthu zina zimafa chifukwa chosungidwa bwino.

Moni uja sanali nthabwala chabe. Pulinta yamtunduwu ili ndi kamutu komwe kamayenda uku ndi uku pamwamba pa pepala, n'kumalavula timadontho ta inki kudzera m'timabowo tochepa kuposa tsitsi. Timadontho tamitundu yosiyana tikagwa moyandikana, ndiye pamatuluka khungu la munthu, milomo, maso. N'chifukwa chake ojambula amaikonda: zithunzi zake zimakhala zamoyo, komanso siboola m'thumba poigula. Kuboola kumabwera pa inki. Vuto lina ndi lakuti ikakhalitsa osagwira ntchito, inki imauma m'timabowo tija n'kutitseka. Amuna anu ankasankha diresi yamaluwa chifukwa ili ndi mitundu yonse, ndiye kabowo kalikonse kankatsukika. Koma akanatha kusindikiza maluwa okhaokha. Iwo ankasindikiza inu.

Musayambe ndi pulinta, yambani ndi chithunzi. Nkhope ya amuna anu siili m'makinamo, ili mu kompyuta. Lero lomwe mwana wanu akopere zithunzi zonse mu fulashi ndi mu foni yake, chifukwa nayo kompyuta yakhalitsa. Kenaka mukasindikizitse chimodzi ku shopu ya zithunzi, muwauze kuti mukufuna inki yosasuluka msanga. Muchiike m'felemu yagalasi, pakhoma losawomba dzuwa. Inki yambiri ya mapulinta amenewa imaopa dzuwa ndi chinyontho, ndipo ndi zomwe zadya jekete ija. Chosulukacho musataye. Chili ndi zala zawo, chilowe mu envulopu.

Mukatero, bwererani ku tebulo lija. Pulinta iliyonse yotere ili ndi njira yodzitsukira kamutu. Mwana wanu aipeza pa kompyutapo. Ayese kawiri kapena katatu, akusiya nthawi pakati kuti inki youmayo ifewe. Asapitirire apo, kutsukako kumamwa inki kwambiri. Mizere ikapanda kuchoka, pitani nayo kwa wokonza. Ndikuuzeni zoona: nthawi zina kamutu kakauma kwambiri sikadzukanso. Zikatero mulire, koma musadziimbe mlandu. Munaifunditsa ngati mmene timafunditsira munthu amene timamukonda.

Mlamu wanu sakulakwa pa zonse. Ya leza imagwiritsa ntchito inki yaufa, siuma ngakhale itagona chaka, ndipo pa zolembalemba ndi yachangu. Koma pa nkhope ya munthu siifika pa yanuyi.

Chenjezo langa ndi ili: wina asakunamizeni kuti mupise singano m'timabowoto kapena muthiremo sipiriti. Mungaiphe ikadali ndi mpweya.

Ikadzuka, nsalu ija muiyale patebulo, musaifunditsenso pulintayo. Sabata iliyonse muzitsegula zenera lija n'kuipatsa moni. Diresi yamaluwa ija inaonedwa mokwanira. Tsopano muzisindikiza iwowo.