Mafuta a bulugamu apha mphaka wa eni nyumba

Aphungu,

Ndikulemba mtima ukuwira, ndipo sindikudziwa ngati ndakwiyira munthu wina kapena ine ndemwe. Ndine namwino, kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandiponya kuno ku Mzimba zaka zitatu zapitazo. Ndimachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya mayi ena amasiye, anyaZgambo, ndipo ndimakhala ndi mwana wanga wa zaka zinayi, Linily. Mayiwa si alandilodi wamba ayi. Ndikakhala ku ntchito mwana amatsala kwa iwo, amamusambitsa, amamudyetsa, ndipo ine amangonditchula kuti "mwana wane".

AnyaZgambo anali ndi mphaka wamkazi dzina lake Sajeni. Dzinali anamupatsa ndi malemu amuna awo, poti khoswe sankadutsa pakhomo pano osamangidwa. Mwezi wathawu Sajeni anaswa ana atatu m'khitchini mwa mayiwa, koma masana ankakonda kudzagona pa mkeka wa pakhonde panga, pomwe Linily amasewerera. Mwana anayamba kudzikanda miyendo mpaka zilonda. Nditamuyang'ana mphaka uja m'khosi, mayo ine, nthata zili piringupiringu.

Kukwaya kwathu kuli mayi wina, Scholastica, amene amagulitsa mafuta a bulugamu m'timabotolo. Amati amakawatenga kwa munthu wina amene amawatcheza yekha cha ku Luwawa. Tonse tinagula, pajatu nthawi ya Kolona bulugamu ndi amene tinkafukiza nyumba ndi nyumba. Ine ndinkadonthezera pa katani kuti udzudzu uthawe. Nditamudandaulira za nthata, anayankha osaphethira n'komwe: "Asisi, mupakeni m'khosi ndi pamsana, mbwenu zonse ziyoyoka. Izi n'zachilengedwe, zilibe poizoni ngati za m'sitolo zija."

Lachiwiri m'mawa ndinamupaka. Eni ake anali atapita ku maliro ku Manyamula, ndipo ine ndinkayesa ndikuwathandiza. Pobwera masana kudzadya ndinapeza Sajeni pansi pa mtengo wa pichesi, dovu lili chuchuchu, akudzandira ngati woledzera, thupi lonse likunjenjemera. Ndinamumwetsa mkaka n'kubwerera ku ntchito. Poweruka ndinapeza wauma kale. Fungo la bulugamu linali guu pathupi pake, choncho ndinamukwirira msangamsanga kuseri kwa dimba.

Atabwera Lachinayi ndinawauza kuti mwina anadya khoswe wofa ndi mankhwala. Analira ngati wafa munthu. Kenako anakumbukira kuti a Feston, okonza njinga oyandikana nafe, anathira mankhwala a makoswe m'shedi mwawo. Anawalalatira pa mpanda anthu akumva: "Mwandiphera Sajeni wane, bambo imwe!" Mpaka lero sapatsana moni.

Ine ndinamulondola Scholastica kunyumba kwake. Mukudziwa zimene anandiyankha? "Ine ndimagulitsa mafuta, sindine dokotala wa amphaka. Mwina munachulutsa. Ndiye mphaka chabe mpaka kundibwerera pakhomo?" Mphaka chabe, Aphungu! Lamlungu lomwelo ndinamuona panja pa tchalitchi akusolola timabotolo take m'chikwama, mano ali mbee, ngati palibe chachitika.

Tsono chandisowetsa mtendere ndi ichi. Tiana tija anyaZgambo akutilera okha m'katoni, kutimwetsa ndi kasipuni. Dzana anationa nthata, ndiye anabwera pakhomo panga: "Mwana wane, undibwerekeko mafuta ako onunkhira aja. Scholastica akuti amapha nthata chomene." Ndikanakana bwanji osaulula? Ndinawapatsa. Akuti adikira kaye tianato tikwanitse mwezi, Loweruka la sabata ya mawa, ndiye atipake.

Kodi ndikawauza kuti asakanize ndi mafuta ophikira, mphamvu yake singachepe? Kapena ndingolowa mwakachetechete n'kutenga botololo? Ndikaulula ndataya nyumba, ndataya mayi, ndipo Linily asowa omusunga. Nanga Scholastica uyu ndimuyalutse pa gulu la kwaya la pa foni?

L.K.,
Mzimba

Mayi L.K.,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere, chifukwa enawa angathe kudikira koma inu muli ndi Loweruka. Pepani ndi imfa ya Sajeni. Tsopano khalani pansi, chifukwa nanenso ndapsa mtima.

Ndiyambe ndi mawu akuti "zachilengedwe", amene ayamba kundinyansa. Bowa wakupha uja amamera yekha m'nkhalango ya Chikangawa, palibe fakitale imene imamupanga. Mwabvi nawo ndi khungwa la mtengo. Kufukiza masamba a bulugamu mumphika n'kwina, mafuta otchezedwa n'kwinanso, chifukwa mulu wonse wa masamba ndi umene umapanikizidwa kuti mutuluke kabotolo kamodzi. Chiwindi cha mphaka sichitha kuphwanya zinthu za m'mafuta oterewa monga chimachitira cha munthu. Amalowa kudzera pakhungu, ndipo mphaka, poti amasamba ndi lilime, otsalawo amawameza. Si bulugamu yekha. Mafuta onunkhira a mandimu, a malalanje, a paini, a minti, a sinamoni, onsewa asayandikire mphaka. Munthu wogulitsa zinthu zotere n'kumagawa malangizo amene sakuwadziwa, kenako n'kumati "mphaka chabe", alibe manyazi.

Koma inunso, mayi, namwino wathunthu! Kuchipatala kwanuko mungamwetse khanda mankhwala opanda chizindikiro chifukwa mnzanu wa kukwaya wanena? Munapaka chiweto cha eni osapempha. Chabwino, pamenepo tinene kuti munalakwa mosadziwa. Koma bodza lija munalinena maso ali gwa, ndipo a Feston atukwanidwa pagulu chifukwa cha inu. Ndiye mwatenga botolo lomwelo n'kulipereka ndi manja awiri kwa mayi amene amakutchulani mwana wawo. Apa pokha sindikunyengererani.

Zosakaniza ndi mafuta ophikira iwalani. Ngati mphaka wamkulu anafa tsiku lisanathe, kamwana ka mwezi umodzi kangalimbe ndi chiyani? Palibe mlingo umene inu kapena Scholastica mungaupime pakhonde. Zokaba botolo nazonso n'zachibwana. Mayiwo akalisowa angopita kwa Scholastica kukagula lina, poti iwo akudziwa kuti ndi mankhwala abwino. Chimene chingapulumutse tianato si kusowa kwa botolo, koma mayiwo kudziwa chimene chinapha Sajeni.

Pitani lero. Ngati miyendo ikulemera, tengani mayi mmodzi wachikulire wa kumpingo akuperekezeni. Mukafika musayambe ndi Scholastica, yambani ndi inu: ndinamupaka ndine, ndinamukwirira ndine, ndinanama ndine. Alekeni alire, akalipe, musawadule pakamwa. Mukachoka pamenepo mukagogode kwa a Feston, ndipo muwapepese mokweza, chifukwa anatukwanidwa mokweza.

Nthata za tianato zichotseni ndi manja. Pezani chipeso cha mano othinana, muzitipesa tsiku lililonse, nthata zogwidwa muziponya m'mbale ya madzi a sopo. Nsanza zogonera muchape ndi madzi otentha n'kuyanika padzuwa, katoni musinthe, m'khitchini ndi pakhonde muzisesa kawirikawiri, mkeka wa Linily nawo uchapidwe. Za mankhwala kafunseni alangizi a ziweto pa boma pomwepo, muwauze msinkhu wa tianato, ndipo mugule okhawo olembedwa kuti ndi a amphaka. A galu ayi, dibi wa ng'ombe ayi, a m'chimanga ayi. Ambiri mwa amenewo amapha mphaka msanga kuposa bulugamu.

Owerenga ena, mphaka wanu akapakidwa mafuta otere musachedwe ndi mkaka. Musambitseni ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, mupukuteni, mufunditseni, musamukakamize kusanza, ndipo thamangani naye kwa a ziweto botolo lili m'manja. Botololo likhalenso patali ndi ana, chifukwa mwana akamwa mafuta a bulugamu ndi nkhani ya kuchipatala.

Za Scholastica, pa gulu la kwaya lembanipo ndithu, koma osati zotukwana. Nenani zimene zinachitika, tsiku lake, ndi mmene mphaka anafera, kuti amene anagula adziwe. Komatu muyambe mwaulula kwanu. Simungaloze chala mnzanu bodza lanu likadali m'thumba.

Sindikulonjezani kuti nyumbayo mukhalamobe. Mwina anyaZgambo akukhululukirani sabata yomweyo, mwina akuuzani kuti mulongedze, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Nyumba ku Mzimba zilipo zina, mudzapeza. Koma Loweruka likakupezani muli chete, mudzaima pakhonde panu n'kumaonerera mayi wokalamba akupaka tianato ndi dzanja lake, akuyesa akutichitira chifundo. Woyamba uja munapha mosadziwa. Atatu awa mudzapha mukudziwa.

Aphungu