Timiyala ta ku Yorodano

Small Heath, Birmingham

Okondedwa alamu a Rapson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana kumeneko ku Ntcheu. Ife kuno tikudzuka ndithu, kungoti ndatopa. Ntchito yosamalira okalamba imathyola msana, ndipo kunyumba nakonso kulibe mpumulo.

Ndikukulemberani monga ankhoswe athu. Nkhani ndi ya ang'ono anu, bambo a Chiso.

Mwezi watha ampingo tinakwera basi kukapemphera kuphiri ku Wales, motsogozedwa ndi mneneri wina mlendo. Chiso, mwana wanu wa ku yunivesite uja, anakhala pambali panga ndi buku la kusukulu. Anati ndi ndakatulo ya Chingelezi chamakedzana, choti eni ake omwe amachita nacho chibwibwi. Imanena za anthu a ntchito zosiyanasiyana amene ali pa ulendo wopita kumalo oyera, ndipo wolembayo amawaseka mmodzimmodzi.

Mwanayo anayamba kundilozera anthu m'basimo. Mayi wotchena ngati akupita kuukwati, akuti m'ndakatulomo alimo. Bambo wolalikira kusala kudya nkhuku yootcha ili m'chikwama, akuti alimonso. Ndinaseka mpaka misozi. Kenako anandinong'oneza kuti mulinso munthu wogulitsa mafupa a nyama, n'kumati ndi a oyera mtima.

Titafika kuphiriko mneneri anatulutsa timiyala, akuti ta mumtsinje wa Yorodano. Alamu, timiyala totere anathira pabwalo kuntchito kwathu, ndimatiponda tsiku lililonse. Mneneriyo anati wokhulupirira atenge kamwala, mankhwala aponye m'dengu. Woyamba kuponya jakisoni wa shuga anali ang'ono anu.

Chichokereni kumeneko, kamwalako amakaviika m'kapu ya madzi n'kumwa. Aonda mpaka aboola bowo lina pa lamba. Ludzu silikuwatha, ndipo maso ayamba kuchita chidima. Ndikatchula dokotala amati ndikutsekereza machiritso awo. Chiso anawakalipira m'Chingelezi, iwo anati sukulu yamuwononga. Pano sakulankhulana.

Ndili ndi mantha, alamu. Ndikamanyamula agogo a eni ake kuntchito, mtima umakhala uli kunyumba.

Dzulo ndinamufunsa Chiso kuti wamafupa uja zinamuthera bwanji. Anati iye anangopitiriza ulendo, chikwama chili chodzaza. Ndinafunsanso za anthu amene ankagulawo. Anati wolembayo sanawatsatire mpaka kunyumba kwawo.

Ine ndiye ndili kunyumbako.

Chonde aimbireni foni sabata lomwe lino. Ndinu munawalera apongozi atamwalira, ndipo mawu anu okha ndi amene amawalemekeza. Musawanyoze, mukudziwa kuti akanyozedwa amauma khosi. Auzeni kuti kamwalako asunge ngati akukafuna, koma apite kuchipatala akatenge jakisoni wina. Sindinabwere kuno kudzakutumizirani bokosi.

Mundiperekere moni kwa achemwali, Nellie ndi Mwayiwathu. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlamu wanu wotopa,
Fyness