Wailesi Yanu Sakuitseka, Amayi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achimwene ndi alamu anga. Mwendo uja ukuvomera tsopano? Nanga mankhwala mukumwa, kapena mwayambanso kuwabisa? Kuno tonse tili bwino. Mdzukulu wanu dzino lakutsogolo laguluka, moti akuseka atagwira pakamwa.

Amayi, khalani pansi kaye. Wailesi ya kanema yanu ija sakuitseka. Chiphaso choulutsira mawu ndi zithunzi atipatsanso ife.

Pafoni sindinkakuuzani zonse chifukwa adokotala anati tisamakudetseni nkhawa. Nkhani yake ndi iyi. Chiphaso chathu chinali pafupi kutha, ndiye kampani ina yaikulu ya ku likulu inapempha kuti malo athu pa kanema apatsidwe iwo. Ife mukutidziwa. Tikadali pamwamba pa sitolo ya zitsulo pomwe munayambira inu ndi malemu Bambo. Makoma akadali omata mathireyi a mazira, ndipo mvula ikamagwa pamalata, wowerenga nkhani amachita kukuwa ngati kondakitala.

A bungwe loyang'anira mawailesi anati asanagamule abwera kudzaona okha. Tsiku lomwe anatiyendera, kamera yachiwiri inakana kuyaka mpaka a Waya, amisiri athu aja, anaimenya khofi. Mlendo mmodzi anafunsa ngati ndiyo njira yake yoyatsira. A Waya anati ayi, masiku ena imafuna makofi awiri. Alendowo sanaseke.

Kenako anaitanitsa msonkhano wa anthu a mumzinda muno mu holo ya kusekondale. Bwana wa kampani ija analankhula bwino, ndisaname. Analonjeza mpira wa kunja, mafilimu atsopano, zithunzi zowala ngati madzi a pampopi. Achinyamata anamuombera m'manja, ndipo sindinawade nazo.

Itafika nthawi yanga ndinafotokoza zomwe timachita: nkhani za m'mawa ndi madzulo, mauthenga a maliro, zithunzi za anthu osowa, mpira wa masukulu. Ndinanenanso za chiyambi chathu, kuti inu munkawerenga nkhani kutsogolo kwa katani ya buluu yomwe munachotsa pawindo la kuchipinda kwanu, Bambo ali pamwamba pa mlongoti akulimbana ndi mphepo. Koma pambuyo pa zithunzi za bwana uja, zanga zinkamveka zazing'ono, ngakhale kwa ine mwini.

Wapampando, mayi wina wa magalasi, anafunsa ngati alipo wofuna kuikapo mlomo. Kenako kumbuyo kunadzuka a Butchala.

Mukuwakumbukira. Aja munawajambula magazi ndi matumbo a ng'ombe zikuyenderera kuchoka kophera kwawo kukalowa mumtsinje, a zaumoyo n'kuwatsekera malo. Aja anaima pamasitepe athu ndi epuloni yamagazi akukutukwanani, mzinda wonse ukumva. A Mwina, olosera zanyengo athu aja sanenapo motsimikiza chibadwire, anandinong'oneza kuti lero palibe mwina, kugwa matalala.

A Butchala anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka kutsogolo. Anati wailesi imeneyi inawavula pamaso pa apongozi awo, ndipo kwa zaka akangoona nkhope yanu ankazimitsa kanema. Anati ankakufunirani zoipa, sabisa. Koma pofuna kuti awatsegulire, anakumba dzenje, anamanga ngalande, ndipo lero adzukulu awo amasambira mumtsinje womwewo. Anatembenukira kwa wapampando n'kunena kuti mpira wa kunja nawonso amaukonda, koma munthu amafunika mnansi woti azimuuza kuti pakhomo pako panunkha. Mnansi wotero, anati, sangakhale ku likulu.

Amayi, ndinalira pamaso pa anthu. Sindinathe kudzigwira.

Atakhala pansi iwo, zinakhala ngati atsegula khola. Anthu anachita mzere. Atelala a pafupi ndi depoti ananena za mayi awo okalamba omwe anasochera, dalaivala wa minibasi n'kuwazindikira chifukwa cha chithunzi chomwe tinaonetsa. Mphunzitsi wina anati ana ake analimbikira masewero atadziona pa kanema. Panali ndi odandaula, kuti mawu athu amatsamwa komanso kuti osamva timawaiwala. Wapampando zonsezo ankangogwedezera mutu.

Chigamulo chinabwera sabata yathayi. Chiphaso ndi chathu, bola tikonze mawu ndi kupeza womasulira m'chinenero cha manja. Womasulirayo tamupeza kale. Titalengeza, maminibasi analiza mahutala msewu wonse. Eni sitolo ya zitsulo, aja sapereka ngakhale msomali wopindika, anakwera okha masitepe ndi kiyi wa chipinda chachikulu cha pansi, chadenga lakonkire, n'kunena kuti titsikiremo, atopa ndi kumva a Waya akumenya makamera pamutu pawo.

Tsopano ndifike pa chomwe ndalembera. Tsiku la msonkhano lija, a Butchala anandiimitsa pakhomo n'kundifunsa kuti mayi wa pakamwa pakuthwa uja ali kuti. Si iwo okha. Kumsika, kuchigayo, kulikonse akundifunsa za inu.

Lolemba loyamba la mwezi wamawa tiyamba kuulutsira m'chipinda chatsopano. Ndikupempha kuti mudzakhale pambali panga, pa kamera.

Ndikudziwa chomwe munene. Chidwalireni sitiroko mumakana kulankhula ndi alendo. Mumati lilime likulemera, anthu azingokumbukira mawu anu akale. Ndakhala ndikukumverani, koma ulendo uno ndakana. Anthu ano sakufuna kudzakuyesani mayeso, akufuna kukuonani. Ngakhale mutangonena kuti mwaswera bwanji, zakwana. Mukafuna kupitirira, pitirirani. Wogawa nthawi tsopano ndine, ndipo palibe amene adzakukwezereni dzanja kuti fulumirani.

Achimwene ndalankhula nawo, akuti galimoto ilipo. Chatsala ndi inu kuvomera.

Mundiperekere moni kwa achimwene, alamu ndi ana onse. Azakhali muwauze kuti sindinawaiwale. A Waya ndi a Mwina akupereka moni wawo. Mulungu akusungeni ndi kukulimbitsani mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Chitsirizira wanu