Chala cha Amayi pa Pepala la Alamu

Nsambe, Neno
12 Epulo 1999

Wokondedwa mlongo wanga Enelesi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ndi wa ana kumeneko ku Ndirande. Ife kuno tikudzuka. Amayi mwendo uja wachepako, ayambanso kupita okha kumtsinje. Ine ndiye usafunse, ndanenepa moti njinga ikangondiona imayamba kulira ndisanakwere.

Kalatayi ndatumiza dala ku adiresi ya kuntchito kwako. Ukawerenga usaisiye patebulo. Ngakhale ukawerengere kubafa, ine sindikwiya.

Nkhani ndi ya amuna ako, alamu anga a Gerishon. Paja anabwera kuno mu Febuluwale, mwina anakuuza kuti akudzazonda amayi. Anawazondadi, sindikana, shuga anabweretsa ndi sopo wonunkhira. Koma m'chiuno anali atakolekamo chifoni cham'manja chachikulu ngati njerwa. Mudzi wonse unasonkhana, ndi agalu omwe. Anachikweza m'mwamba, anakwera nacho pachulu, koma osalira ngakhale kamodzi. Iwo akuti vuto ndi mapiri athuwa, ndi osaphunzira.

Atadya anatikhazika pansi m'munda wa manachesi wa amayi. Akuti kampani yaikulu ya mafoni amenewa ikugulitsa masheya, ndiye kuti umagula kachigawo ka kampaniyo, tsono aliyense akaimba foni m'Malawi muno iwe kako kamagwa uli chigonere. Akuti amayi akalowamo khasu adzangoliona kwa anzawo. Amayi anafunsa ngati si makhadi aja abweranso, poti nthawi ya chipani chimodzi anakugulira khadi iwe uli m'mimba. Alamu anaseka, akuti ano ndi matipate, palibe wokakamiza mnzake, ndipo za ndalama amayi asade nkhawa, akonza okha. Chofunika chinali chala chawo papepala basi.

Apa ndi pamene ndikulowapo ine. Pepalalo linali la Chingerezi, masamba awiri, tizilembo tating'ono ngati utitiri. Amayi anati Fackson ayambe wawerenga. Iwe ukundidziwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti pa Nsambe pano Chingerezi chimagona kunyumba kwanga, kuti ngakhale aphunzitsi mawu akawakanika amatumiza uthenga kwa ine. Tsono anthu atizungulira, akazi anga ali pomwepo, ndikanatani?

Ndinaligwira. Ndinakhosomola. Ndinayendetsa chala mzere ndi mzere ndikugwedeza mutu, mpaka ndinakalipira amene ankalongolola kuti akundisokoneza. Mlongo wanga, pa masamba onse awiriwo ndinazindikirapo dzina la amayi, mawu oti Neno, ndi deti. Kenako ndinalengeza kuti pepalali lilibe vuto, analemba ndi anthu ophunzira ngati ine. Amayi anadinda.

Kuchokera tsiku limenelo ndinkayenda ngati mwini kampani. Kutchalitchi ndinauza anthu kuti amene ali ndi abale ku Joni ayambe kundilemekeza, chaka chamawa aziimbira pakhonde panga atavula nsapato.

Lachiwiri lapitali ndikulowa m'munda muja ndinapeza bambo wina ali ndi chitini cha penti wofiira, akupaka chizindikiro pa mtengo uliwonse. Ndinakuwa mawu oti anamveka mpaka ku Magaleta. Munthuyo sanathawe. Anandipatsa moni bwinobwino, nkunena kuti ndi a Kassim, amakhala ku Zalewa, amagula zipatso nkumakagulitsa mu Limbe. Anatulutsa m'thumba pepala lomwe lija, chala cha amayi chili pomwepo, nkundimasulira mzere ndi mzere.

Enelesi, pepala lija silitchula foni paliponse. Likuti amayi agulitsa manachesi onse akadali pamtengo, a chaka chino, a chaka chamawa ndi a chinacho, ndipo ndalama alandira kudzera mwa mkamwini wawo. A Kassim akuti analipira zonse m'manja mwa alamu pa Zalewa, mboni zili pomwepo.

Ndinawaopseza kuti ndili ndi maloya atatu ku Blantyre, mmodzi anaphunzira ku Mangalande. Anangondiyang'ana mwachisoni. Kunena zoona bambo aja sindikuwaona ngati wakuba. Nditawafotokozera za masheya anakanda m'mutu. Akuti za masheya a kampani ya shuga anamvapo, koma zoti a mafoni ayamba kugulitsa kwa anthu wamba sanamvepo, pa wailesi kapena m'nyuzipepala. Akuti mwina zilipo, iwo sadziwa zonse. Koma chimene akudziwa nchoti wogula masheya amapatsidwa satifiketi yolembedwa dzina lake. Ife kuno tilibe ngakhale kalisiti koti tikulungire fodya.

Tsono mafunso andidzadza m'mutu. Zikanakhala zoyera, bwanji alamu sananene poyera kuti akugulitsa manachesi? Bwanji anabwera okha, osakutenga iwe amene unafika fomu folo? Nanga bwanji amayi atati ndiwerenge ine, alamuwo anamwetulira nkundipatsa pepalalo ndi manja awiri, osaopa ngakhale pang'ono? Chifoni chija nchawodi, kapena anangobwereka kuti atiwalire nacho m'maso?

Sindikuti amuna ako ndi akuba, eti. Mwina nawonso wina wawadyera pamutu, poti kutauniko akathyali amavala tayi. Mwina masheyawo alipodi, koma dzina ndi lawo. Ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa nchoti mitengo ija anadzala amayi ndi malemu bambo, ndipo ndi imene imawagulira feteleza, mchere ndi mankhwala a mwendo. Chaka chino yabereka moti nthambi tachita kuchirikiza ndi mphanda. Zaka zitatu amayi aziona lole ikunyamula, iwo akunyambita penti?

A Kassim akuti lole yawo ibwera sabata yoyamba ya Meyi. Akuti ndalama zawo zikabwezedwa tsikulo lisanafike, pepalalo ang'amba pamaso pa amayi, safuna kudya za munthu wokalamba amene sanamve chimene ankadinda.

Ndiye pempho langa ndi ili. Alamu akapita kuntchito, ufufuze m'sutikesi mwawo ndi m'matumba a jekete. Ukapeza satifiketi, uone dzina. Likakhala la amayi, ine Fackson ndidzawabereka alamu kumsana kuchokera pa Zalewa mpaka kuno ndikuimba nyimbo. Likakhala lawo, kapena usapeze kanthu, usakangane nawo wekha m'nyumba. Ukwere basi ubwere, tidzaitane ankhoswe nthawi ikadalipo.

Dzulo ndinawauza amayi zonse. Ndinagwada, ine amene sindinagwadirepo munthu chibadwire, nkuvomera kuti pepala lija sindinawerenge, kuti Chingerezi changa chinafera mu sitandade folo. Ndimayembekezera ndodo. Iwo anangopitiriza kusenda mbatatesi. Anati zimenezo akuzidziwa kuyambira kale, paja ndi iwo ankanditulutsa m'tchire ndikathawa sukulu. Akuti anandiuza ndiwerenge pepalalo kuti ndisanyozeke pamaso pa mlamu wanga basi.

Kenako anati sanadinde chifukwa cha ine. Anadinda chifukwa wobweretsa pepalalo ndi mwamuna wa Enelesi, ndipo Enelesi sangawatumizire munthu woti awapweteke. Atatero anatola mbatatesi ina nkuyamba kusenda.

Ndikufunsa kamodzi kokha, mlongo wanga, usandikwiyire. Kodi iwe unkadziwa? Ngati sunkadziwa, fulumira. Ngati unkadziwa, undiyankhe ine ndekha. Kwa amayi ndidzapeza chonena, kunama ndimakutha, koma zimenezo asadzazimve.

Ambuye akusunge pamodzi ndi ana, akupatse mtima wolimba. Undiperekere moni kwa onse a m'nyumba mwako. Alamu uwapatse moni wa amayi okha, wanga ndausunga kaye. Akazi anga akupereka moni, ngakhale chichokereni Lachiwiri akangondiona ndagwira pepala lililonse amatuluka panja kukaseka.

Ndine mlongo wako,
Fackson