Chipewa pa Swichi

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Malinga ndi chikwangwani cha pageti, kampani yathu yocheka matabwa yatha masiku oposa 400 popanda ngozi, ndipo wantchito aliyense anaphunzitsidwa kudziteteza. Manambalawo ndimalemba ndine ndi choko m'mawa uliwonse, choncho mukhoza kuwakhulupirira monga mukhulupirira mng'ono wanu.

Ine ndili bwino. Za Abambo ndinena bwinobwino, koma muyambe mwakhala pansi, ndipo Amayi musawawerengere.

Mukukumbukira chipewa chofiira chimene munawagulira? Chinali ndi ntchito ina imene simunkaidziwa. Pansi pa macheka aakulu pamene Abambo amagwira ntchito pali dzenje la utuchi, ndipo lamba wa makina akatsamwa, munthu amatsikiramo kukafukula ndi manja. Kuyambira kalekale, wotsikayo ankakoleka chipewa chake pa swichi. Aliyense woona chipewa ankadziwa kuti mwini wake ali pansi, ndipo ngakhale bwana sankayerekeza kukhudza. Zaka makumi awiri, palibe anataya ngakhale chikhadabo m'dzenjemo.

Mwezi watha kunabwera mphunzitsi wa zachitetezo, munthu waulemu wa nsapato zosadziwa utuchi. Zambiri ananena zoona, sindimunamizira. Anati chipewa si chitetezo, pakufunika loko: wotsika m'dzenje atseke swichi, kiyi apite naye m'thumba. Anatigawira zisoti zolimba n'kulamula kuti chisachoke kumutu ngakhale mphindi imodzi. Zipewa anaziletsa. Abambo anafunsa kuti nanga tizikoleka chiyani, mitu yathu? Anthu anaseka, mphunzitsi nayenso anaseka, tinasainira, tinajambulitsa.

Maloko anafikadi, khumi ndi awiri, onyezimira. Bwana anati asungidwe m'kabati ya mu ofesi mpaka oyendera zachitetezo atabwera, kuti akawapeze adakali atsopano. Kiyi wa kabatiyo amasunga ndine, Achemwali. Abambo anandipempha loko kawiri. Kawiri konseko ndinawayankha kuti adikire Lachisanu, tsiku lobwera oyendera.

Lachiwiri masana lamba anatsamwa. Abambo anatsika, chisoti chili kumutu monga mwa lamulo. Kapitawo pobwera kokamwa madzi anapeza makina ali zii, mitengo itaunjikana. Anayang'ana pa swichi monga wakhala akuyang'anira moyo wake wonse, sanaone chipewa, n'kuyatsa. Ine ndinali kuwerenga matabwa panja. Ndinamva lamba akulira mawu achilendo, kenako mawu a Abambo. Onani, palibe anaphwanya lamulo. Aliyense anamvera.

Kuchipatala tinawatengera pa lole ya matabwa, kutulukira geti lakumbuyo. Bwana anati lakumaso kuli matope. Mvula sinagwe chiyambire mwezi uno.

Dzulo bwana anandiitana mu ofesi, n'kundipatsa mpando, chinthu chimene sanachitepo. Patebulo panali pepala lonena kuti Abambo anavulala kunyumba akuwaza nkhuni, loti Abambowo kapena ine tisaine. Anati oyendera akapeza ngozi atitsekera, mabanja makumi asanu agona ndi njala, ndipo Abambo adzawapatsa ntchito ya ulonda pageti, yokhala pansi. Atatero anayang'ana kiyi amene ali m'khosi mwangamu.

"Akafunsa amene anatsekera maloko, ndidzawauza zoona," anatero. "Kapena ukufuna ndiname?"

Ndinapita nalo kuchipatala pepalalo. Abambo analiwerenga mpaka pansi, n'kufunsa ngati kunyumba kwathu kuli nkhwangwa yoyendera magetsi. Kenako anati ndisaine ndine, ntchito yanga isathe, iwo zawo zatha kale. Za loko sanatchule, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Kapitawo amabwera tsiku lililonse, amakhala pakhonde, kulowa salowa.

Oyendera afika mawa. Pepala lili m'chikwama, losasaina, ndipo lipita choncho. M'mawa uno ndatsegula kabati, maloko ndagawira anthu, bwana akuyang'ana pawindo. Ngati mawa andiloza chala, aloze. Mundikonzere pogona, mwina ndibwera ndi katundu yense.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti Abambo akudya bwino, zimenezo n'zoona. Zinazo ndidzawauza ndekha, maso ndi maso, pamodzi ndi nkhani ya kiyi. Chipewa chanu chili bwino, ndachichapa.

Ndine mng'ono wanu.

Ndinaiwala: pageti lero ndalemba 402. Dzanja lamanja la Abambo latsala ndi zala ziwiri.